Ampulifaya ya Mavalavu Ikamang'ung'uza: Kabuku ka Omanga Okha Pakhomo

MAWU OYAMBA

Mwatha masabata angapo mukumanga ampulifaya patebulo lanu. Mwawotcherera waya womaliza, mwalumikiza sipika, mwayatsa. Mavalavu ayamba kufiira ngati makala a m'mbaula, ndipo pakutha masekondi 20, nyimbo musanaike n'komwe, sipika yayamba yokha kuti nguuuu. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Amasintha valavu, amasintha kapasita, amasuntha mawaya, zonse tsiku limodzi. Phokoso likatha sadziwa chimene chalithetsa, likakula sadziwa chimene aononga.

Phokoso lililonse lili ndi kwawo, ndipo kalilidwe kake kamaulula kumene lachokera. Ntchito yanu ili patatu: kulimvetsera bwino, kulitsata mpaka pakhomo pake, ndi kusintha chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

1. MOYO WANU CHOYAMBA

Wailesi ya mabatire imakhululuka. Ampulifaya ya mavalavu sikhululuka. Magetsi a pasoketi ndi mavolti 230, koma thiransifoma ya mkati imawakweza kufika pakati pa 250 ndi 450, ndipo makapasita aakulu amasunga mphamvu imeneyo ngakhale mutazula pulagi. Ikhoza kupha munthu wamkulu.

Musanaike dzanja mkati, chitani izi nthawi zonse:

a) Zimitsani, zulani pulagi, ndipo muiike pamene maso anu akuiona.

b) Tengani rezisita ya 22k ya mawati 5 yokhala ndi mawaya okutidwa bwino ndi zopanira. Panani mbali imodzi pa chasisi, kenako, ndi dzanja limodzi, mbali inayo pa + ya kapasita yoyamba. Dikirani theka la mphindi.

c) Yezani ndi mita. Ngati mavolti sanatsike kupyola 10, dikiranibe. Musagwiritse ntchito sikuludalaivala pokhuthula kapasita: imathetheka moto ndipo imaononga kapasitayo.

d) Mukamaliza ntchito, kumbukirani kuchotsa rezisita ija musanayatse.

Mukamayeza ampulifaya ili yoyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba. Valani nsapato za mphira, vulani mphete ndi wotchi, ndipo musaime pansi ponyowa kapena pasimenti opanda nsapato. Pakhale munthu wamkulu wina pafupi amene akudziwa pozimitsira. Ana asayandikire tebulo, ndipo mukapita kukadya nsima muzimitse ndi kuvundikira.

Malamulo ena awiri. Ampulifaya ya mavalavu isayake popanda sipika, chifukwa thiransifoma ya sipika ikhoza kupsa. Ndipo mawailesi ena akale opanda thiransifoma ya magetsi amakhala ndi chasisi cholumikizika mwachindunji ku magetsi a pakhoma. Amenewo asiyireni amisiri.

2. ZIDA ZOFUNIKA

Simufunika zida zodula. Pezani mita yoyezera mpaka mavolti 600, kamtengo kouma kansungwi kotalika ngati pensulo yatsopano, mawaya a zopanira, pulagi ya jeki imene mwalumikiza miyendo yake iwiri pamodzi, valavu imodzi yabwino ya mtundu uliwonse umene muli nawo, ndi kope. Pensulo yeniyeni musalowetse mkati, chifukwa chakuda cha pakati pake chimadutsa magetsi.

Pangani chotetezera cha babu. Ikani babu lakale lakawaya, la mawati 60 kapena 100, pamzere umodzi ndi waya wamoto wopita ku ampulifaya. Zonse zikakhala bwino, babu limawala kamphindi kenako n'kuzilala. Likawalabe kwambiri, pali mawaya ogundana mkati, zimitsani. Babu la LED siligwira ntchito imeneyi.

M'kope muzilemba tsiku, chimene mwasintha, ndi zotsatira zake. Sinthani mita ikhale pa AC, muyeze pamawaya a sipika voliyumu ili pansi, mulembe nambalayo. Khutu limazolowera phokoso ndipo limanyenga, mita sizolowera.

3. MVERANI KALILIDWE KAKE

Akuluakulu ena akukumbukira wailesi ya Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready ya ku Britain inatulutsa mu 1949 kuti anthu a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera wailesi ya ku Lusaka. Inali ya mavalavu, koma kung'ung'uza kwa mtundu uwu kunalibe, popeza inkayendera batire. Mphamvu ya batire imayenda phee, mbali imodzi. Magetsi a pakhoma amapita ndi kubwerera, ndipo a ESCOM, a ZESCO, a ku Mozambique, South Africa ndi Britain amatero ka 50 pa sekondi, kumene timalemba kuti 50 Hz. Kung'ung'uza ndi magetsi amenewa atapeza polowera m'njira ya nyimbo.

Mabuku ambiri a ntchitoyi ndi a ku America, kumene magetsi ndi 60 Hz. Mukawerenga 60 ndi 120 m'mabukumo, kuno muziti 50 ndi 100.

Mitundu ya phokoso ndi iyi:

Kung'ung'uza kwapansi, kofewa, kwa 50 Hz. Kawirikawiri kumachokera ku mawaya a hita, ku thiransifoma, kapena ku waya wolowetsa nyimbo wosatchingidwa bwino.

Kung'ung'uza kokwererapo, kwa 100 Hz. Rectifier imatembenuza mbali zonse ziwiri za funde la magetsi kuti ziyang'ane kumodzi, choncho kugunda kumawirikiza. Mukamva kumeneku, ganizani za makapasita aakulu ndi graundi yawo.

Kulira ngati njuchi kapena mavu, kwaukali. Kumachokera ku graundi yoyalidwa molakwika kapena ku zipangizo zina za m'nyumba.

Kulira kwa shiii, ngati mvula yamawawa pa malata. Ndi marezisita kapena valavu yoyamba.

Kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Ndi dothi, dzimbiri, kapena malo osawotchereredwa bwino.

Phuphuphu ngati injini ya boti panyanja, kapena mluzu wobaya m'makutu. Ampulifaya ikudzimva yokha n'kumadzikuza.

Kusiyanitsa 50 ndi 100 n'kosavuta ngati muli ndi gitala. Dinani chingwe chachikulu pa fureti yachitatu: imeneyo ndi G ya 98 Hz, pafupi kwambiri ndi 100. Pa gitala ya bezi, malo omwewo amapereka G ya 49 Hz, pafupi ndi 50. Yerekezani ndi zimene sipika ikunena.

Musanapitirire, ikani khutu pafupi ndi bokosi, osaligwira. Nthawi zina sipika ili chete, ndipo chikulira ndi chitsulo cha thiransifoma. Mangitsani mabawuti ake ndi kuika mphira pansi pake. Thiransifoma yopangidwira 60 Hz imatentha ndi kunjenjemera kwambiri pa 50 Hz ngakhale mavolti mutawatsitsa bwino.

4. TSATANI PHOKOSO MPAKA KWAWO

Nyimbo imalowa pa jeki, imadutsa valavu yaing'ono monga ECC83, imene ena amaidziwa ngati 12AX7, imapita pa voliyumu, kenako ku mavalavu amphamvu monga EL84, 6V6 kapena EL34, ndi kutulukira pa thiransifoma ya sipika. Ili ngati ngalande yothirira dimba. Madzi akamafika akuda kumunsi, mumatseka ngalande malo amodzi amodzi mpaka mutapeza polowera matope.

Gawo loyamba. Zulani zonse zolumikizidwa, kupatula sipika ndi magetsi. Lowetsani jeki yolumikizidwa miyendo ija. Phokoso likatha, ampulifaya ilibe mlandu. Pitani ku mutu 7.

Gawo lachiwiri. Tembenuzani voliyumu. Phokoso likamakula ndi kuchepa nayo, likulowa isanafike voliyumu, ndiye kuti ndi jeki kapena valavu yoyamba. Likakhala chimodzimodzi ngakhale voliyumu ili pa 0, likulowa kutsogolo kwake. Likamakula kwambiri voliyumu ili chapakati n'kuchepa kumapeto, waya wochoka pa voliyumu kupita ku valavu yotsatira ukutola phokoso. Ufupikitseni kapena muike wotchingidwa.

Gawo lachitatu. Zimitsani, dikirani valavu izizire, zulani yoyamba, yatsani, mverani. Phokoso likatha, kwawo ndi pamenepo. Likatsala, zimitsaninso ndi kuzula yaing'ono yotsatira. Mavalavu amphamvu ogwira ntchito awiriawiri musazule imodzi n'kusiya inzake, chifukwa yotsalayo ikhoza kusenza katundu wa onse n'kupsa.

Gawo lachinayi. Mukapeza valavu yokayikitsa, ikani yabwino ija m'malo mwake. Valavu ina imadontha magetsi a hita kulowa mu cathode, ndipo palibe waya amene mungasunthe kuti zimenezo zithe.

Gawo lachisanu. Ampulifaya ili yoyaka, dzanja limodzi m'thumba, kankhani mawaya pang'onopang'ono ndi kansungwi. Waya amene akasuntha phokoso n'kusintha, ndiye mboni yanu.

5. KUNG'UNG'UZA KWA 50 Hz

Mawaya a hita. Hita ya valavu imadya mavolti 6.3 a AC, ndipo mawaya ake amafalitsa phokoso kwa anzawo oyandikana nawo. Valavu ya ECC83 ikhoza kukuza chimene yamva kufikira ka 100, choncho kaphokoso kosamveka pa grid kamakhala chiphokoso pa sipika. Potani mawaya awiri a hita molimba ngati chingwe cha khonje kuyambira pa thiransifoma mpaka pa soketi yomaliza. Agonekeni m'mphepete mwa chasisi, kutali ndi miyendo ya grid. Pamene ayenera kukumana ndi waya wa nyimbo, adutsane mopingasa, asayendere limodzi.

Hita iyenera kukhala ndi pakati polumikizidwa ku graundi. Ngati thiransifoma ili ndi waya wapakati wa hita, gwiritsani ntchito ameneyo. Ngati ilibe, ikani marezisita awiri a 100 ohm, imodzi kuchoka pa waya uliwonse wa hita kupita ku graundi. Hita yoyandama, yosalumikizidwa paliponse, ndi imodzi mwa zolakwa zofala kwa omanga koyamba. Chenjerani kuti musalumikize ku graundi waya wapakati pamodzi ndi mbali imodzi ya hita. Mukatero mwagundanitsa thiransifoma ndipo idzatentha.

Kukatsala kung'ung'uza pang'ono, pa ampulifaya imene mavalavu ake amphamvu ali ndi rezisita pa cathode, chotsani pakati pa hita pa graundi ndi kupalumikiza pa cathode ya EL84, pamene pamakhala mavolti pafupifupi 10. Zimenezi zimachepetsa kudontha kwa hita kuja.

Mathiransifoma kuyandikana. Thiransifoma ya magetsi imatha kulankhula ndi ya sipika kudzera mu mphamvu ya maginito, popanda waya. Chizindikiro chake n'chakuti kung'ung'uza kumayamba nthawi yomweyo mukayatsa, mavalavu asanatenthe. Mankhwala ake ndi kuzitalikitsa ndi kutembenuza imodzi kuti zitsulo zake zipingasane ndi za inzake. Amene simunaboole chasisi, yesani izi musanaboole: mabowo sasuntha.

Waya wolowetsa nyimbo. Kuchoka pa jeki kufika pa grid yoyamba, gwiritsani ntchito waya wotchingidwa ndi ukonde wamkuwa, waufupi. Mkati mwa ampulifaya, ngati jeki ili kale ndi waya wake wa graundi, ukondewo ulumikizidwe mbali imodzi yokha. Valavu yoyamba muiveke chipewa chake chachitsulo, ndipo pansi pa chasisi mutseke ndi chitsulo cholumikizidwa ku chasisicho. Thabwa silitchinga kanthu.

6. KUNG'UNG'UZA KWA 100 Hz

Makapasita. Rectifier imapereka magetsi modukizadukiza ngati madzi a pa mjigo, ndipo makapasita ndi thanki imene imawasalaza. Thanki ikachepa kapena ikabooka, kudukiza kumafika ku sipika. Makapasita ochotsedwa m'mawailesi akale amakhala atauma mkati ngakhale kunja akuoneka abwino. Yotupa, yotuluka zoyera, kapena yotentha, itayeni.

Poyesa, zimitsani, khuthulani mphamvu monga tanenera, panani kapasita yatsopano ya 22 µF, mavolti 450 kapena kuposa malinga ndi ampulifaya yanu, pambali pa imene mukuikayikira, + ku + ndi − ku −. Yatsani. Phokoso likatsika kwambiri, mwapeza. Kapasita yolumikizidwa chagada imaphulika, choncho onetsetsani kawiri.

Musaganize kuti kapasita yaikulu nthawi zonse ndi yabwino. Yoyamba, yotsatana ndi valavu ya rectifier, ili ndi malire: 50 µF pa EZ81, 60 µF pa GZ34. Mukapyola, rectifier imathetheka mkati n'kufa msanga. Mukafuna kusalaza kwambiri, onjezani choke kapena rezisita, ndi kapasita ina patsogolo pake. Ampulifaya ya valavu imodzi yamphamvu imafuna kusalaza kotere kuposa ya mavalavu awiri, chifukwa awiriwo amafafanizirana phokoso. Koma amatero pokhapokha akukoka magetsi mofanana. Imodzi ikatopa, kung'ung'uza kumabwerera, ndipo muyenera kusintha onse awiri.

Ngati mbali imodzi ya rectifier yafa, phokoso limatsika kukhala la 50 Hz, lalikulu, ndipo mavolti amachepa.

Graundi. Apa ndi pamene omanga ambiri amagwa. Pa chithunzi cha pepala, graundi zonse zimaoneka ngati malo amodzi, ndiye munthu amangolumikiza pa bawuti iliyonse yapafupi. Koma waya aliyense, ngakhale chasisi, amatsekereza magetsi pang'ono. Magetsi odzaza kapasita yoyamba amayenda mwamphamvu, mogunda ka 100 pa sekondi. Akadutsa njira imodzi ndi graundi ya valavu yoyamba, zili ngati kukumba chimbudzi kumtunda kwa chitsime.

Yalani motere. Waya wapakati wa magetsi okwera a thiransifoma apite yekha, molunjika, ku − ya kapasita yoyamba. Cathode za mavalavu amphamvu zipite ku − ya kapasita imene imawadyetsa. Valavu iliyonse yaing'ono, marezisita ake ndi kapasita yake zikumane pamalo awoawo. Kenako malo onsewa muwalumikize ndi waya mmodzi wonenepa, motsatana, kuyambira kwaphokoso kukathera kwa phee. Waya ameneyu akhudze chasisi malo amodzi okha, makamaka pafupi ndi jeki yolowetsa nyimbo. Ma jeki ena akhale ndi mawashala apulasitiki kuti asakhudze chitsulo.

7. PHOKOSO LOCHOKERA KUNJA

Ngati ampulifaya ili chete payokha, bwezerani zipangizo chimodzichimodzi. Chingwe cha gitala kapena cha foni chothyoka ukonde ndicho choyamba kukayikira. Kenako zimitsani zinthu za m'nyumba motsatana: chaja ya foni, mababu a LED otchipa, machubu, furiji, TV, chaja ya laputopu. Foni ikagona pa ampulifaya imalowetsa tititi pamene ikufuna kuitana, ikhale kutali.

Invata yotchipa ya sola siitulutsa funde losalala ngati la pakhoma. Imatulutsa la masitepe, ndipo thiransifoma imalira ngati mavu ndi kutentha. Ampulifaya ya mavalavu imafuna invata ya pure sine wave. Pa jenereta, kung'ung'uza kumakwera ndi kutsika motsatira injini. Vuto si lanu.

Zipangizo ziwiri zokhala ndi earth zikalumikizidwa pa masoketi osiyana n'kulumikizananso ndi chingwe cha nyimbo, pamapangika njira yozungulira imene imatola kung'ung'uza. Zimachitika kawirikawiri m'matchalitchi ndi m'maholo, pamene mikisa ili kumbuyo, ampulifaya kutsogolo. Zilumikizeni zonse pa ekisitenshoni imodzi. Zikakanika, ikani thiransifoma yaing'ono yolekanitsa pa chingwe cha nyimbo, kapena DI box.

Wina adzakuuzani kuti muthyole mwendo wautali wa pulagi kapena mudule waya wobiriwira ndi wachikasu, phokoso litha. Mwina litha ndithu. Koma waya ameneyo ndi amene amaphulitsa fiyuzi tsiku limene waya wamoto wakhudza bokosi. Mukamudula, magetsiwo adzadikira woimba gitala, kapena mwana amene wagwira maikolofoni ali wosavala nsapato. Waya wa earth akhale pa bawuti yakeyake pa chasisi, yopalidwa penti, yomangidwa ndi washala wa mano. Wofiirira ndi wamoto, wabuluu ndi nyutulo. Ngati bokosi likukuluma mukaligwira, lekani zonse ndi kuitana wamagetsi wovomerezeka kuti aone earth ya nyumba yonse.

8. MAPHOKOSO ENA

Shiii. Pang'ono amakhalapo pa ampulifaya ya gitala voliyumu ikakwera. Akachuluka, yesani valavu ina pamalo oyamba, kenako sinthani rezisita ya pa plate, imene kawirikawiri ndi 100k, muike ya metal film. Marezisita akale a kaboni amakula phokoso akamakalamba.

Kuthetheka. Nyengo ya dzinja chinyontho chimadyetsa dzimbiri miyendo ya mavalavu, ndipo m'chilimwe fumbi limalowa mu voliyumu. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa mkatimo. Zimitsani, khuthulani, tsukani masoketi ndi mankhwala otsukira zamagetsi, lowetsani ndi kutulutsa valavu kangapo. Mafuta a njinga kapena palafini musathire. Powotcherera pooneka ngati phala louma, potuwa, pabwerezeni.

Kulira ngati belu. Gogodani valavu iliyonse mopepuka ndi kansungwi. Imene ikulira mu sipika kuposa zinzake yamasuka mkati. Isintheni, kapena muisamutsire pamalo a kutsogolo pamene sikuza kwambiri.

Phuphuphu. Makapasita olekanitsa magawo a ampulifaya afooka, kapena magawo ambiri akumwera kapasita imodzi. Patsani gawo loyamba rezisita ndi kapasita yakeyake.

Mluzu woopsa pa kuyatsa koyamba. Ngati ampulifaya ili ndi waya wobweza mawu kuchoka ku sipika, ndiye kuti mawaya awiri a thiransifoma ya sipika opita ku ma plate asinthana. Zimitsani, khuthulani, muwatembenuze. Mluzu ukamabwera pokhapokha voliyumu yakwera, talikitsani mawaya a sipika ndi a jeki, ndipo ikani rezisita pa mwendo weniweni wa grid: 10k mpaka 68k pa valavu yoyamba, 1k mpaka 5.6k pa amphamvu. Rezisita yomweyo imaletsanso mawu a wailesi kulowerera.

Chitsulo cha mkati mwa valavu kufiira. Hita yokha ndiyo iyenera kuwala. Plate ikafiira, kung'ung'uza n'kumakula, zimitsani nthawi yomweyo. Kapasita yopita ku grid ikudontha kapena bias yatayika.

9. POLEKEZERA

Ampulifaya ya mavalavu siikhala chete ngati manda. Imani pamene mumakhala pomvera nyimbo, usiku, voliyumu ili pamene mumaisiya masiku onse. Ngati simukumva kanthu mpaka mutaika khutu pa sipika, ntchito yatha, tsekani bokosi. Musanatseke, wotchererani rezisita ya 220k ya mawati 2 pakati pa + ndi − ya kapasita yaikulu kuti mphamvu izikhuthuka yokha mukazimitsa, koma muziyezabe ndi mita musanagwire.

Fungo la kupsa, fiyuzi yophulika kawiri, thiransifoma yotentha moti simungaigwire, kapena bokosi loluma: izi si za kope ndi kansungwi. Nyamulani ampulifaya, chithunzi cha mawaya ndi kope lanu mupite kwa mmisiri amene anagwirapo mavalavu. Ndipo kope lija musalitaye. Limateni mkati mwa chivundikiro, kuti amene adzatsegule bokosilo zaka zikubwerazi, kaya ndi inu kaya mdzukulu wanu, adzayambire pamene inu munalekezera.